Ulendo wa ku Pasig: mtsinje, mzinda ndi dzina lake

Lachisanu, Kapitolyo

Msonkhano umene unandibweretsa kuno watha lero masana. Anzanga a ku Kenya ndi ku Ghana athamangira kale ku bwalo la ndege, ine ndatsala. Tikiti yanga ndi ya sabata yamawa, choncho ndatuluka mu hotela ya ku Ortigas ija, ndapeza kachipinda kwa mayi wina kuno ku Kapitolyo pa mapeso 900 usiku umodzi. Muli fani basi, ndipo foni ikuti kunja kukutentha madigiri 35. Kutentha kwa kuno n'kwachinyezi. Ukangotuluka m'bafa, thukuta layambiranso.

Kunyumba aliyense akuti ndili ku Manila, likulu la dziko la Philippines. Si bodza, koma pa risiti iliyonse imene ndalandira sabata ino palembedwa Pasig City. Chimene timachitcha Manila tikakhala kutali ndi Metro Manila, mizinda 16 ndi tauni imodzi, zogundana popanda mpata, uliwonse ndi meya wake. Pasig ndi umodzi mwa mizindayo, ndipo pa kalembera wa 2020 munapezeka anthu opitirira 800,000. Mtsinje umene umadula pakati pa chimzinda chonsechi dzina lake ndi lomweli. Ndauonera pa windo la galimoto powoloka mlatho: madzi abulauni, makoma a simenti tsidya lino ndi tsidya lija.

Wa takisi amene wandinyamulira katundu ndinamufunsa tanthauzo la dzinali. Anati, "Ndi dzina la mtsinje, Ma'am." Nditafunsa kuti nanga mtsinjewo unalitenga kuti, anati sanaganizirepo.

Mayi a nyumba ino aliyense amawaitana kuti Nanay, ndiye kuti amayi. Anandiitanira chakudya ndisanamasule n'komwe chikwama: sinigang, msuzi wowawasa wa bwemba wokhala ndi nyama ya nkhumba ndi masamba, wothira pa mpunga. Nditawafunsa funso lomwe lija, anaika supuni pansi. Akuti kalekale, nthawi ya Asipanishi, kunali mnyamata dzina lake Virgilio ndi mtsikana dzina lake Paz. Ankakonda kupalasa bwato madzulo. Tsiku lina bwato linagubuduzika, mnyamatayo osadziwa kusambira, madzi n'kumutenga akufuula m'Chisipanishi kuti "Paz, sigue me," Paz nditsate. Pomaliza mpweya unamuthera mawu ali pakati: "Paz, sig..." Nanay anaifotokoza dzanja lili pamtima, ndipo ndinawathokoza kuchokera pansi pa mtima, chifukwa anandipatsa nkhani imene iwonso anapatsidwa ndi agogo awo.

Koma ndagona nayo osakhazikika. Asipanishi anafika pamtsinje uno mu 1570, ndipo mtsogoleri wawo Legazpi anakhazikitsa Manila wawo mu 1571. Anthu amene ankawedza, kuchapa ndi kulera ana m'mbali mwa madzi amenewa zaka mazanamazana m'mbuyomo, analibe dzina loutchulira mpaka mlendo atamira? Mawa ndikaukwera ndekha mtsinjewu.

Loweruka, kuchoka ku Guadalupe kupita ku Escolta

Ndinadzuka ndi mfuu ya wogulitsa taho. Amayenda ndi zidebe ziwiri pa mtengo wa paphewa, akukuwa "Tahooo!" Ndi soya wofewa wotentha, wothira manyuchi a shuga wabulauni ndi timibulu ta sago. Kapu yaing'ono mapeso 20. Kenako traysikel, njinga yamoto yokhala ndi kangolo m'mbali, mpaka pafupi ndi siteshoni ya Boni, sitima ya MRT siteshoni imodzi yokha, n'kutsika pa Guadalupe.

Boti la pamtsinje ndi laulere. Umangoonetsa chiphaso, n'kulemba dzina pa pepala la okwera. Cholipira chake ndi kudikira. Tinakhala pa mabenchi pafupifupi ola lathunthu, chifukwa namasupuni anali atadzaza padoko ndipo anyamata anali kumukankha ndi nsungwi kuti boti lipeze polowera. Palibe amene anadandaula. Mayi wina anatsegula jumbo la pandesal, timabanzi tawo tam'mawa, n'kundilozera akuti "Kain tayo," tiyeni tidye. Ndamva mawu amenewa tsiku lililonse chifikireni, kwa alonda, kwa oyeretsa, kwa anthu oti chakudya chawo n'chosakwana n'komwe awiri.

Tinanyamuka. Kumanzere nyumba zosanja za Makati, magalasi okhaokha, kumanja Mandaluyong. Fungo lilipo, sindinama, makamaka boti likamadutsa pamene ngalande zikuthira. Mabotolo, majumbo, nsapato imodzi, zonse zikuyandama pakati pa namasupuni. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti nyumba zambiri zinaufulatira mtsinje. Zitseko zili kumsewu, kumadzi kuli mapaipi ndi makoma. Komabe ana anali kudumphira m'madzi momwemo kuchokera pakhoma, ndipo abambo angapo anakhala ndi mbedza zawo pansi pa mlatho.

Pambali panga panakhala bambo wachikulire wovala malaya oyera, ali ndi ambulera yopinda. Anandifunsa kumene ndachokera, ndipo dzina la Malawi ankalidziwa, chifukwa anali mphunzitsi wa sekondale mpaka anapuma. Ndinawauza nkhani ya Paz. Anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti mwana aliyense wa ku Pasig amaidziwa, koma dzinali ndi la Chitagalog chenicheni, chilankhulo cha anthu a kuno, ndipo ndi lakale kuposa tchalitchi chilichonse cha m'dziko muno. Pasig, anatero, ndi mtsinje wothira m'nyanja yamchere. Ndiponso ndi gombe lamchenga la m'mbali mwa mtsinje. Matanthauzo awiriwa amayendera limodzi, poti mtsinje ukayandikira nyanja umafatsa n'kutula mchenga wake.

Ndinafunsa chifukwa chake wa takisi uja sanadziwe. Anati lero munthu akafuna kunena mchenga amati buhangin, akafuna kunena mtsinje amati ilog. Liwu lakuti pasig linachoka pakamwa pa anthu, linatsala m'dzina. Koma likadali moyo m'mimba mwa liwu lina limene aliyense amalidziwa, dalampasigan, gombe la nyanja. Analitchula pang'onopang'ono kuti ndimve pasig ali pakati.

Kenako anatulutsa bolopeni n'kulemba kuseri kwa envelopu. Mbali imodzi Chimalay, cholankhulidwa ku Malaysia ndi ku Indonesia, mbali ina Chitagalog. Layar ndi layag, thanga la ngalawa. Bibir ndi bibig, milomo kapena pakamwa. Beras ndi bigas, mpunga wosaphika. Baru ndi bago, chatsopano. Paliponse pamene Chimalay chili ndi r, Chitagalog chaika g. Pansi penipeni analemba pasir, limene m'Chimalay ndi mchenga mpaka lero, n'kundipatsa bolopeni kuti mbali inayo ndilembe ndekha. Ndinalemba pasig. Zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, za mtundu umodzi wa anthu apanyanja amene anafalikira ndi ngalawa zawo m'zilumba zonsezi mpaka kukafika ku Madagascar. Anawonjeza kuti ku Pampanga, kumpoto kwa Manila, kuli mtsinje wina wotchedwa Pasig-Potrero, wotsika kuchokera ku phiri la Pinatubo, umene unakokolola mchenga ndi phulusa phirilo litaphulika mu 1991. Kumeneko kulibe Paz aliyense amene anamirako mnzake.

Nkhani inadukira pamenepo chifukwa msilikali wa m'botimo anaimirira n'kulamula kuti mafoni ndi makamera zonse zibisidwe. Tinali kuyandikira Malacañang, nyumba ya pulezidenti, ndipo sipajambulidwa. Mtima unagunda pang'ono. Pasipoti yanga ndi yachilendo ndipo m'boti monse wakuda ndinali ndekha. Ndinaponya foni m'chikwama n'kuika manja pamaondo. Nyumba yoyera inadutsa kumanja, udzu wometedwa bwino mpaka kumadzi, ndipo palibe chinachitika.

Titadutsa, aphunzitsi aja anayamba kuloza mayina ngati munthu woloza manda a makolo. Makati akuti anachokera ku kati, kuphwa kwa madzi a m'nyanja akamabwerera. Mandaluyong ambiri amati ndi daluyong, mafunde aakulu. Maynila ndi "pali nila": ena amati ndi chomera cha utoto wabuluu, ena amati ndi nilad, kamtengo ka m'matope a m'mbali mwa nyanja. Ngakhale dzina la mtundu wawo, Tagalog, ambiri amalimasula kuti taga-ilog, anthu a kumtsinje. Anansi awo Akapampangan ndi anthu a pampang, m'mphepete mwa mtsinje. Amaranao a ku Mindanao ndi anthu a kunyanja. Apa sindinathe kukhala chete. Ndinawauza kuti chilankhulo chimene ndikulembera zolemba zanga chili ndi dzina lina, Chinyanja, cha anthu a kunyanja, ndipo likulu la dziko lathu linatenga dzina kwa mtsinje wa Lilongwe. Anagwira dzanja langa ndi manja awiri n'kunena kuti ndiye kuti ndife amodzi. Anatsika pa Quinta kukagula zinthu ku msika wa Quiapo. Envelopu ija anandisiyira.

Ine ndinatsika pa Escolta. Kutsidya kuli positi ofesi yaikulu imene inapsa mu 2023, zipilala zake zikadali chiimire, mkati muli bii. Ndinadya pansit ku Binondo pa mapeso 120, ndinayenda pang'ono pa Jones Bridge, miyendo n'kukana. Pobwerera ndinakwera sitima.

Lamulungu, Pasig wakale

Ortigas ndi Kapitolyo ndi Pasig wa maofesi ndi malo odyera. Kapitolyo dzina lake linabwera chifukwa likulu la chigawo cha Rizal linali pompano, mzindawu usanalowe mu Metro Manila mu 1975. Pasig weniweni ali kutsidya kwa mtsinje wa Marikina, ndipo ndapitako pa jipini, minibasi ya kuno. Umakhala mothinana pa mabenchi awiri oyang'anizana, umapereka mapeso 13 kwa woyandikana naye ukunena "Bayad po," ndalama n'kuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa dalaivala, chenji n'kubwerera njira yomweyo osasowa ngakhale peso imodzi. Pofuna kutsika umati "Para po." Kaliwu kakuti po ndi ka ulemu, ndipo ndaona kuti ukakaika, nkhope ya munthu imamasuka.

Ndinapemphera Misa ku Immaculate Conception Cathedral. Parishi imeneyi anaiyambitsa ansembe a chipani cha Augustino mu 1573, ndipo mzinda umawerengera zaka zake kuchokera pa 2 Julaye chaka chimenecho. Ndinaganizira zimenezi nditakhala pa benchi. Ansembe atafika anapeza mudzi uli kale ndi dzina. Anaupatsa woyera wouyang'anira, anamanga tchalitchi, koma dzina sanalisinthe. Misa inali ya m'Chitagalog ndipo ndinatolapo mawu owerengeka, koma dongosolo lake ndi lomwe lija, kotero sindinasochere. Potuluka, ana anali kutenga dzanja la agogo awo n'kuligunditsa pamphumi pawo. Mtsikana wina wamng'ono anachita chimodzimodzi ndi dzanja langa, amayi ake atamukodola. Misozi inalengeza. Ndawasowa ana anga.

Pafupi pomwepo pali Plaza Rizal ndi nyumba yosungiramo mbiri ya mzinda, imene inamangidwa mu 1937 ngati nyumba ya banja la Concepcion. Chapatali pang'ono pali Bahay na Tisa, nyumba ya miyala ya m'ma 1850. Koma chimene ndinkafuna ndi kamtsinje kotchedwa Bitukang Manok, matumbo a nkhuku, chifukwa cha kukhotakhota kwake. Mnyamata wogulitsa maluwa a sampaguita anasiya malonda kwa mlongo wake n'kundiperekeza, ndipo ndalama anakana. Kamtsinjeko lero ndi ngalande yopapatiza pakati pa nyumba. Kale mabwato ankadutsamo, ndipo m'mbali mwake ndi mmene amuna a ku Pasig a gulu lomenyera ufulu la Katipunan anasonkhana pa 29 Ogasiti 1896 n'kukathira nkhondo asilikali a Asipanishi. Tsikulo linali Loweruka, ndipo mpaka lero amalikumbukira ndi dzina lakuti Nagsabado.

Pa chikwangwani cha jipini iliyonse pali mayina a madera, ndipo tsopano ndikuwawerenga ndi maso ena. Bagong Ilog, mtsinje watsopano. Manggahan, pa mango. Santolan, pa mitengo ya zipatso za santol. Maybunga, pamene pali bunga, mtedza wotafuna uja. Mzindawu uli ndi madera 30 otchedwa barangay, ndipo liwu limeneli nalonso linachokera ku balangay, ngalawa yaikulu yonyamula mabanja. Anthu awa ankatcha malo potengera chimene munthu akuona ali m'bwato: apa pali mango, apa madzi amaphwa, apa pali mchenga pokocheza. Kwa ine tanthauzo limeneli ndi lolemera kuposa nkhani ya okondana, ngakhale lilibe misozi. Nkhani ya Paz imapereka dzina kwa chilankhulo cha atsamunda. Mchenga umalibwezera kwa eni ake.

Ku msika waukulu wa Pasig ndinagula mango okoma kwambiri pa mapeso 150 kilo. Amayi ogulitsa ankandiitana kuti Ate, achemwali, ndipo mmodzi anandiwonjezera nthochi ziwiri.

Lolemba, m'chipinda

Lero sindinapite kulikonse. Mutu ukuwawa, mapazi atupa, ndipo phokoso la njinga zamoto silinandigonetse. Nanay anandiphikira lugaw, phala la mpunga la jinja ndi adyo wokazinga, n'kundiletsa kutuluka dzuwa lili pamutu. Madzulo anandionetsa zithunzi za nyumba ya mchemwali wawo ku Santolan pa 26 Seputembala 2009, tsiku la namondwe amene kuno amamutcha Ondoy. Madzi a mtsinje wa Marikina anafika padenga. Ku Quezon City tsiku limenelo kunagwa mvula yokwana mamilimita 455. Banja lonse linagona pamwamba pa malata. Anazifotokoza ndi mawu otsika, ndipo sindinafunse zambiri.

Lachiwiri, Manila

Ndapita ku National Museum of Anthropology. Kulowa n'kwaulere. Zipinda n'zambiri koma ine ndinapitira chinthu chimodzi, kachitsulo ka mkuwa kopyapyala, kosaposa tsamba la kope. Kanapezeka mu 1989 pafupi ndi pamene mtsinje wa Lumbang umathira m'nyanja ya Laguna de Bay, ndipo anakatola ndi munthu wokumba mchenga wogulitsa. Katswiri wa ku Netherlands, Antoon Postma, ndiye anawerenga zolembedwapo. Deti lake likugwirizana ndi chaka cha 900. Ndi kalata yokhululukira ngongole ya golide ya munthu wotchedwa Namwaran pamodzi ndi ana ake, ndipo ikutchula mfumu ya ku Tondo, dera limene lilipo mpaka lero kumatsiriro kwa Pasig.

Ndinaimapo nthawi yaitali. Tondo ali kunyanja yamchere, Lumbang ali kutsidya kwa nyanja ya kumtunda, ndipo msewu wa pakati pawo unali mtsinje uwu. Zaka zoposa 600 Legazpi asanafike, anthu a pamadzi amenewa anali ndi mafumu, ngongole, mboni ndi alembi. Chilankhulo cha pa mkuwapo ndi Chimalay chakale chosakaniza ndi mawu a Chisanskrit cha ku India. Pali ena amene amati dzina la Pasig linachokera ku India, ndipo apa ndinamvetsa chifukwa chake, poti mawu a kumeneko analowadi m'Chitagalog kudzera m'malonda. Koma envelopu ya aphunzitsi aja ili m'chikwama mwanga, ndipo pasir ndi pasig zikugwirizana ndi lamulo lomwe lagwirizanitsa layar ndi layag. Sipafunikanso kuwoloka nyanja kukasaka kholo la liwu limene abale ake ali pakhomo.

Nditatuluka ndinayenda mpaka ku Roxas Boulevard kuti ndione dalampasigan ndi maso. Mchenga woyera ulipo, koma si wa pano. Ndi miyala ya dolomite yogaya, imene boma linabweretsa pa sitima kuchokera ku Cebu mu 2020. Mabanja anali kujambulitsa, ana akusewera, ndipo kusamba n'koletsedwa. Sindikuwaweruza anthu ofuna pokhala madzulo mumzinda wothinana chonchi. Koma zinandiwawa kuti mtsinje wotchedwa dzina la mchenga ukuthira chapafupi pomwepa, ndipo chimene ukutula ndi pulasitiki. Mu 1990 akatswiri analengeza kuti Pasig ndi mtsinje wakufa, woti zamoyo sizingakhalemo. Boma linakhazikitsa bungwe loukonza mu 1999, mabanja ambiri a m'mphepete anasamutsidwa, ngalande zina zinayeretsedwa, mpaka mu 2018 ntchitoyo inalandira mphotho ya Asia Riverprize. Chaka chotsatira bungwelo linathetsedwa. Mu 2021 kafukufuku wina anaika Pasig patsogolo pa mitsinje yonse ya padziko pothira pulasitiki m'nyanja. Zonsezi n'zoona nthawi imodzi: nsomba zabwerera m'malo ena, ndipo majumbo sanaleke kubwera.

Chakudya chamadzulo ndadya pa karinderya, kamalo kodyera ka m'mbali mwa msewu kumene umangoloza mphika. Adobo wa nkhuku ndi mpunga, mapeso 90. Ulendo wobwerera ku Kapitolyo wanditengera maola awiri, mtunda woti usiku ndi mphindi 30.

Lachitatu, Napindan

Kumatsiriro ndakuona, lero ndimafuna kumene mtsinje umayambira. Pasig ndi waufupi, makilomita 25 okha, kuchokera ku Laguna de Bay kukafika ku Manila Bay. Jipini mpaka kumsika, traysikel kudutsa Pinagbuhatan, misewu ikunka ichepa, nyumba zikunka zifupika, mpaka tinatulukira pa msewu wa C-6 umene uli pamwamba pa chikhoma chotchinga madzi. Mwadzidzidzi kumwamba kunatseguka. Nyanja yaikulu kuposa zonse m'dziko muno inali patsogolo panga, yotuwa, yodzaza ndi nsungwi zozika za makola a nsomba mpaka kumene maso alekezera. Mphepo yoyamba yozizira chifikireni.

Wa traysikel anandipezera msodzi wachikulire amene anavomera kunditenga pa mapeso 300. Ndinamuitana kuti Manong, liwu laulemu kwa bambo wamkulu, monga ndinamvera ena akuchitira. Bangka yake ndi bwato lopapatiza lokhala ndi nsungwi mbali zonse ziwiri zoletsa kugubuduzika, ndi kainjini kaphokoso. Kusambira ndimadziwa pang'ono chabe, ndipo bwato litapendama pokwera ndinagwira m'mbali mpaka zala kuchita dzanzi. Manong anaona, anavula jekete yake yoyandamitsa n'kundiveka, anamanga yekha zingwe. Anandiuza kuti nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri mamita atatu sakwana. Mantha sanathe, koma anachepa.

Tinafika pakamwa pa mtsinje, pafupi ndi nsanja yakale ya nyali imene amaitcha parola. Anazimitsa injini n'kundiuza kuti ndiyang'ane namasupuni. Ndinayang'ana. Zitsamba zonse zinali kuyenda kuchokera kumzinda kulowa m'nyanja ya Laguna. Mtsinje unali kubwerera m'mbuyo.

Anandifotokozera, Chingerezi chake chikatha manja n'kumathandiza. Nthawi ya mvula nyanja ya Laguna imadzaza ndipo madzi amatsikira ku Manila Bay monga mtsinje uliwonse. Koma chilimwe chikafika pachimake, monga mwezi uno, nyanjayi imaphwa mpaka kutsika kuposa nyanja yamchere ikakwera, ndiye madzi amchere amakankha kubwera kumtunda. Asodzi amawadikira madzi amenewa. Mchere ukalowa, matope amakhazikika pansi, madzi amayera, dzuwa limalowa, chakudya cha nsomba chimamera, nsomba za bangus ndi tilapia n'kunenepa msanga. Chaka chimene mchere sunafike, nsomba zimakhala zoonda. Boma litamanga zitseko zotchinga madzi pa Napindan, asodzi analimbana nalo chifukwa cha nkhani yomweyi. Anandilozeranso chakumpoto kumene ngalande yaikulu ya Manggahan, yomalizidwa mu 1986, imathira madzi osefukira a Marikina m'nyanja muno kuti Manila asamire. Madziwo akachuluka, amene amamira ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja, kwawo kwa Manong. Anazinena akuyang'ana kumadzi.

Ndinakhala m'bwatomo ndikuganiza za tanthauzo loyamba lija, mtsinje wothira m'nyanja yamchere. Anthu akale anali ndi ilog, liwu la mtsinje uliwonse. Uwu anaupatsa lina, chifukwa si mtsinje wamba. Ndi njira ya pakati pa madzi awiri, yomvera nyanja yamchere, yokwera ndi kuphwa nayo limodzi. Munthu wopalasa bwato lodzaza mpunga kapena miphika ankayenera kudziwa zimenezi asananyamuke, apo ayi apalasa molimbana ndi madzi tsiku lonse.

Ndinamufunsa Manong ngati pali mchenga penapake. Anati "Buhangin?" n'kutenga nsungwi yake yaitali, kuizika pansi, kuitulutsa. Kunsonga kunali matope akuda. Anapalasa pang'ono chakumbali, kumene bwato linakhudza pansi, n'kupisa dzanja mpaka m'phewa. Anatulutsa dzanja lodzaza mchenga wotuwa wosakanikirana ndi tizigoba ta nkhono. Anati ali mwana, pamalo ngati amenewa ankatola tulya, nkhono zazing'ono zophikira msuzi, ndipo amayi ake ankachapa pagombe pamene lero pali khoma. Nditamuuza zimene aphunzitsi aja anandiuza za dzina la Pasig, anabwereza yekha kuti "dalampasigan," kawiri, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Anati akawauza adzukulu ake.

Pobwera kumtunda mkazi wake anali atakazinga tilapia, ndipo panalibe zokana. Tinadya ndi manja pansi pa kadenga ka malata, mpunga, nsomba, tomato ndi viniga wa tsabola. Ndinafuna kuwonjezera ndalama, mayiyo anabweza dzanja langa. Ndinasiya mango amene anatsala m'chikwama kwa ana, amenewo analandira.

Wa traysikel uja anali atandidikira nthawi yonseyi, akugona pampando wake. Pofika kumsika mdima unali utagwa ndipo mzere wa jipini unali wautali kuzungulira ngodya, kotero ndinaima mphindi 40 ndisanapeze malo. Mawa ndi tsiku lochapa ndi kulongedza. Andichenjeza kuti Lachisanu ndinyamuke maola anayi ndege isanakwane nthawi, chifukwa msewu wa EDSA Lachisanu madzulo suyenda.